Lipoti la nkhani ya Dalitso, mnyamata wa pa sikelo ku Mchinji

Nkhani iyi ndi ya mnyamata wa zaka 15, tizimutchula kuti Dalitso ngakhale si dzina lake, wa pa trading ina yake m'mbali mwa msewu wa M12 uja wochokera ku Lilongwe kupita ku boda ya Mchinji. Zina ndi zina ndasintha kuti asadziwike. Ine ndimagwira ntchito yoteteza ana m'dera limeneli, ndipo lipotili ndalembera anzanga a ntchito ngati yomweyi, aphunzitsi komanso a makomiti a m'midzi, chifukwa nkhani za mtundu uwu zimabwera chaka ndi chaka sizoni ya soya ikangotha, ndipo zambiri timazitseka ndi mawu amodzimodzi omwe aja akuti "anzake ndi amene amupotoza", kenaka tonse n'kumapita kunyumba mitima ili mbee ngati tapeza gwero.

Mmene inatipezera

Amene anamutengera ku polisi ndi amalume ake enieni, achimwene awo a mayi ake bere limodzi. Bambo amenewa ndi venda wogula soya, mtedza ndi chimanga, ali ndi kashedi ka malata pa trading pomwepo, sikelo yopachika ija ya kamuvi, ndi njinga yamoto. Dandaulo lawo linali loti katundu amene anatumiza kwa bwana wawo ku Kanengo anakapezeka woperewera, thumba lililonse kilo imodzi pena ziwiri, moti bwanayo anawadula ndalama n'kuwakalipira pa foni. Atafufuza anapeza kuti Dalitso, amene nthawi ya sizoni amagona mu shedimo ngati mlonda, amatenga kachipaipi kosongoka kaja ogula amabayira thumba poona ngati mbewu ili bwino, n'kumatapa pang'onopang'ono thumba ndi thumba, akamaliza n'kukanda ndi chikhadabo pamene wabaya paja, ulusi n'kubwererana osaonekanso. Anasonkhanitsa matumba awiri ndi kena pamwamba, n'kugulitsa kwa venda wina wa tsidya lina la msewu. Ndalamazo anagula foni yakale yong'aluka galasi ndi jezi ya mpira, ina anapatsa mayi ake ya sopo ndi shuga, yotsala inathera kubetcha mpira.

A polisi oona za ana anatiimbira tsiku lomwelo. Malamulo apa savuta: kuyambira 2017 pamene malamulo aakulu a dziko anasinthidwa, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana limalola kuti mlandu wosakula kwambiri, mwana akavomera kuti anachitadi, upatutsidwe m'malo moti azengedwe ku khothi. Dalitso anavomera pompopompo.

Amalume aja amvekere, "Madam, mwana uyu ndalera ndine. Bambo ake anapita ku Joni iye ali ndi zaka 4, mpaka lero olo sopo. Ndiye lero azindibera ine? Izi waphunzira ku vidiyo uko, kwa anyamata osuta chamba aja." Mayi ake ali pansi apo akungopukuta misozi ndi chitenje, nawonso ndi mawu omwewo, anzake, anzake.

Zimene anandionetsa

Mwana ukamufunsa kuti unaberanji amangoti zii, kapena akuuza kuti ndi satana kuti nkhani ithe msanga. Ndiye ine ndimafunsa zina, ndimati tandiuza tsiku lako limayenda bwanji kuyambira podzuka. Apa Dalitso anamasuka, nkhope kuchita kuwala, chifukwa ntchito ya pa sikelo amaidziwa ndipo amainyadira. Anayamba kupita ku shediko ali ndi zaka 11, nthawi ya holide, kukasesa soya wotayika pansi (amenenso ndi wa mwini sikelo, mlimi satola). Pofika zaka 13 anali akusoka matumba ndi kugwira mbedza, chaka chino amalume akapita ku Lilongwe kapena ku Chipata amamusiyira shedi yonse ndi ndalama zogulira.

Ndinamupempha kuti andionetse mmene amayezera, ine ndikhale mlimi. Zimene ndinaona ndizilembe bwinobwino chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Choyamba m'mawa anthu asanabwere amapotokola kasikuluwu kuti kamuvi kagone kumbuyo kwa ziro pang'ono, ndipo pa mbedza amasiyapo thumba lopanda kanthu likulendewera ngati kuti langoiwalika, kuti wina akayang'ana aziganiza kuti vuto ndi thumbalo kapena asayang'ane n'komwe. Thumba la mlimi likakwera, iye amaima mbali imene mlimi sakuona miyendo, bondo n'kuligunditsa kunsi kwa thumba kulinyamulira pang'ono chabe, osati kwambiri ayi. Pakamwa pasakhale chete, uzifunsa za mvula, za maliro a kumudzi kwawo, za mwana ali kumbuyoyo kuti akuyenda kale eti. Kamuvi kasanakhazikike watchula kale nambala n'kutsitsa thumba. Kakaloza 47 ndi theka umati 46, kenaka "tichotse ya thumba ndi zinyalala, 45." Kwa ogulitsa pang'ono pali ndowa ziwiri: yogulira inasinjidwa ndi munsi mkati kuti pansi pake pafufume, yogulitsira chimanga mu Januwale inamenyedwa chakunja kuti pansi palowe mkati. Kuziona zili poteropo ndi ndowa zofanana.

Ndiye panali chinanso chimene chinandikhudza kuposa bondo lija. Amadziwa kusankha munthu. Agogo, mayi wothamangira ku chipatala, munthu amene wabwera pa ngolo kuchokera kutali moti sangabwerere ndi katundu, amenewo ndiye "ofewa". Aphunzitsi, kapena mlimi amene wafika n'kunena yekha kuti kunyumba ndayeza 50, ameneyo osamuyerekeza, umuyezere bwinobwino n'kumuyamikira kuti soya wake ndi woyera.

Ndinafunsa, "Amalume anakukhazika pansi n'kukuuza kuti uzitere?" Anandiyang'ana modabwa. "Ayi madam, zimenezi sauzana. Ndimangoona." Ndinafunsanso kuti nanga zotapa m'matumba unaona kwa ndani, ati anyamata a pa lole amatapa akamapita ku Lilongwe, ndipo amalumenso amatapa matumba a bwana wa ku Kanengo akasungitsa katundu mu shedi mwawo, amati ndi "ya malo". Ndiye iweyo sunaone kuti ukulakwa? Anakhala kaye chete, kenaka amvekere, "Amalume amanena okha kuti pa geni palibe chibale. Komanso chaka chino sanandilipire, amangoti ndikugulira yunifolomu."

Kunyumba, kusukulu ndi ku vidiyo kuja

Mayi ake amalima kamunda ka soya ndi mtedza, ana ndi atatu, Dalitso ndiye woyamba. Amalume aja ndi mwinimbumba, ndipo si wa dzina lokha ayi: feteleza amagula ndi iwo, wina akadwala njinga yamoto imabwera, malata a nyumba ya mayiwa anakhoma ndi iwo. Ku tchalitchi ali mu komiti ya zomangamanga, pa maliro amapatsidwa mpando pamene ena akukhala pa njerwa. Mwana aliyense wa pa banja limeneli akamaganiza za munthu amene zinthu zinamuyendera, nkhope imene imabwera ndi imeneyi, palibenso ina.

Mayi akenso, titacheza mpaka kuzolowerana, anaulula akuseka kuti iwo akamakagulitsa kwa mavenda ena amathirako kamchenga pakati pa thumba, ndipo mtedza amauwaza madzi, kuti usavute kusenda komanso ulemereko. "Nanga madam titani, poti iwonso amatibera pa sikelo?" (Za madzizi ndinawachenjeza pa chifukwa chinanso, mtedza wonyowa ndi umene umachita chuku chija chimene chimaononga chiwindi ndipo ndi chimene chimakanitsa mtedza wathu ku misika ya kunja.) Apa ndiye kuti Dalitso amaona mbali zonse ziwiri za sikelo, wogula akubera wogulitsa, wogulitsa akubera wogula, onse ndi anthu amene amawakonda, onse Lamulungu ali ku tchalitchi.

Kusukulu ali Sitandade 7, anabwerezapo kamodzi chifukwa chojomba mu Epulo ndi Meyi. Aphunzitsi ake atamva nkhaniyi anakana kukhulupirira, ati mnyamata ameneyu ndi amene amasunga ndalama za kalasi zogulira matsache ndi choko, ndipo sipanasowepo olo K50. Ndi mwana waulemu, kulandira chinthu ndi manja awiri, kunjuta popereka moni kwa akulu, foni ya munthu itakhala pa tebulo sangaikhudze. Zimenezinso palibe anamulembera pa bolodi, anaona kwa anthu omwe aja. Kwa iye kulowa m'nyumba ya munthu kapena kupisa m'thumba ndi zochititsa manyazi kwabasi, ndipo anandiuza monyansidwa za mnyamata wina amene anaba mbuzi. Koma mbewu ikafika pa sikelo, malamulo ake ndi ena.

Anzake a ku vidiyo ndinawafufuzanso, kuti ndisangowaikira kumbuyo. Alipodi, awiri amasutadi chamba, ndipo kubetcha anaphunzira kwa iwo, zimenezo n'zoona, anaona mnzake wina atawina kamodzi n'kugulira gulu lonse chipisi pa chiwaya, basi iyenso kuyamba. Koma chamba sasuta, mowa samwa, ndipo pa anyamata onsewo panalibe olo mmodzi wodziwa za kachipaipi kaja. Amakhala nawo maola awiri Loweruka kapena Lamulungu kukakhala mpira. Ku shedi amakhala kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka usiku, sizoni yonse, zaka 4.

Mmene ndikuionera

Zoti munthu amaphunzira khalidwe poona ena tonse timazidziwa, koma akatswiri anazifufuza mwadongosolo ndipo zimene anapeza zimathandiza kudziwa pofunika kuyang'ana. Albert Bandura ndi anzake ku yunivesite ya Stanford ku America mu 1961 anatenga ana 72 a ku nazale, ena n'kuwaonetsa munthu wamkulu akumenya chidole chachikulu chopopa mpweya, chija ukachikankha chimagwa n'kudzukanso, kuchimenya ndi kahamala, kuchikhalira, kuchikalipira. Anawo atasiyidwa okha ndi chidolecho anachita zomwezo mpaka mawu ake, pamene amene sanaone zomenyazo sanachite choncho kwenikweni. Palibe anawauza kuti menyani, palibe anawalonjeza kanthu. Bandura pambuyo pake anafotokoza kuti kuti kutengera kuchitike pamafunika kuti mwana achite chidwi ndi munthuyo, asunge m'mutu zimene waona, akhale ndi kuthekera kozichita, ndiye pakhale chomukoka kuti azichite. Kwa Dalitso zonsezi zinakwana bwinobwino: maso ake anali pa amalume kuyambira ali wamng'ono, anaona kambirimbiri, anapatsidwa sikelo m'manja kuti ayeserere, ndipo phindu lake amaliona likuyenda pa mateyala awiri tsiku lililonse.

Koma kafukufuku amene ine amandigwira mtima ndi wa 1965. Apa ana anaonera filimu ya munthu womenya chidole uja, gulu lina linaona akupatsidwa maswiti n'kuyamikiridwa, lina linaona akudzudzulidwa n'kulangidwa, lina silinaone chotsatira chilichonse. Amene anaona chilango anatengera pang'ono poyerekeza ndi enawo. Ndiye kenaka ofufuza anauza ana onse kuti aliyense amene aonetse zimene munthu uja amachita alandira kamphatso, pamenepo kusiyana kuja kunatha, onse anazichita, kusonyeza kuti onse anali ataphunzira kale, enawo amangodzigwira. Mwana amene sakuchita choipa lero sindiye kuti sakuchidziwa.

Izi ndinaziona ndi maso kunyumba kwa Dalitso komweko. Mlongo wake wa zaka 7 anali kuseri kwa khitchini ndi anzake akusewera zogulitsana, atamanga kamtengo ndi chingwe cha thumba n'kupachikapo kachitini ka mchenga. Mnzake wabweretsa "soya" wake, iye kamwendo katsogolo, kuyang'ana m'mwamba ngati akuwerenga, amvekere "faivi, tichotse zinyalala, folo." Mayi ake anaseka mpaka kugwira m'mimba, ati ameneyu ndiye adzakhala wa bizinesi. Mwana uja anamva kuti amuyamikira. Palibe amene angamutengere ku polisi lero, koma sukulu ndi yomweyo, ali chabe kalasi ya m'munsi.

Edwin Sutherland, katswiri wa za umbanda wa ku America, pofika 1947 anali atalemba kale kuti khalidwe lophwanya malamulo limaphunziridwa monga khalidwe lina lililonse, makamaka pakati pa anthu oyandikana nawo kwambiri, ndipo chimene munthu amaphunzira si luso lokha koma ndi zifukwa zodzikhululukira nazo. Anatinso mphamvu ya chitsanzo imadalira kuti umakumana nacho kangati, kwa nthawi yaitali bwanji, unayamba uli wamng'ono bwanji, komanso munthuyo umamulemekeza motani. Mukaika amalume mbali ino anyamata a ku vidiyo mbali inayo pa miyeso imeneyi, palibe mpikisano. Sutherland yemweyo ndi amene mu 1939 anakumbutsa anzake kuti aleke kuyang'ana umbanda wa osauka okha, chifukwa anthu olemekezeka amaba ali pa ntchito zawo ndipo satchedwa mbava. Kale kwambiri mu 1890 Gabriel Tarde, amene anagwirapo ntchito yoweruza milandu ku France, anaona kuti kutengera kumatsika kuchokera kwa wapamwamba kupita kwa wapansi. Ife tikamafufuza mwana timakonda kuyang'ana cham'mbali, kwa anzake ofanana naye msinkhu, chifukwa n'kosavuta kuloza chala mwana wa eni ake wosuta chamba kusiyana ndi kuloza bambo amene wakugulira fanta pobwera kudzadandaula.

Zifukwa zodzikhululukira zija akatswiri ena a za umbanda, Gresham Sykes ndi David Matza, anazisanja mu 1957, ndipo ndikamamvetsera Dalitso ndimachita ngati akuwerenga pa pepala lawo. Palibe wapwetekedwa, kilo imodzi ndi chiyani pa thumba lonse. Woberedwayo naye ndi wakuba. Amene akundidzudzulawo amachita zomwezo. Ndimathandiza mayi anga. Mawu onsewa anawamva ku shedi asanawagwiritse ntchito, kungoti amalume amawanena poloza alimi ndi bwana wa ku Kanengo, iye anangowatembenuza n'kuloza amalume. Kunena zoona, pa zonse zimene anaphunzira, lamulo limodzi lokha ndi limene anaphonya, lakuti mwini sikelo saberedwa. Akanapitiriza kubera agogo a pa ngolo aja, bwenzi lero akutchedwa mnyamata wochangamuka ndipo fayilo iyi kulibe.

Sindikunena kuti Dalitso alibe mlandu ayi. Zaka 15 ndi munthu woti amadziwa, ndipo umboni wake ndi woti amatapa usiku n'kutseka pobaya paja. Komanso si mwana aliyense wokulira pa sikelo amene amatero, umphawi, kusalipidwa ndi ngongole ya kubetcha zinaonjezera moto. Koma tikafuna kudziwa kuti njira imeneyi anaidziwa bwanji ndipo chifukwa chiyani mtima sunamutsutse, yankho lili ku shedi.

Zimene tinachita

Amalume poyamba amafuna kuti mwanayu "akaone ku Mpemba kapena ku Chilwa kuti akaphunzire mwambo". Ndinawafotokozera kuti malo amenewo, osungirako ana olakwira malamulo, ndi a milandu imene khothi laona kuti palibenso njira ina, ndipo mwana woyamba kulakwa, woti akupita kusukulu, kumuchotsa pakhomo n'kukamuika pamodzi ndi ena amene anazama kale ndi kumupezera aphunzitsi atsopano a zomwe tikuthawazo. Anavomera monyinyirika, makamaka mchemwali wawo atawagwadira.

Tinakhala pansi kwa amfumu: Dalitso, mayi ake, amalume, agogo ake aakazi, aphunzitsi, wa polisi ya m'mudzi ndi ine. Dalitso anapepesa atagwada. Tinagwirizana kuti foni igulitsidwe ndalama ipite kwa amalume, chotsala adzabweza ndi soya wa pa kandime kamene mayi ake amupatse kuti alime yekha, abwerere kusukulu osajombanso, ndipo asagonenso ku shedi kapena kunyamula matumba a makilo 50, zimene pa msinkhu wake ndi ntchito yoopsa ngakhale lamulo la ntchito limalola mwana wa zaka 14 kugwira zopepuka.

Povuta panali pa nkhani ya sikelo. Ndinali nditakambirana kale ndi amalume paokha, chifukwa kumuyalutsa mwinimbumba pagulu ndi kuononga zonse, mawa mwana yemweyo ndi amene angavutike. Ndinawauza mwaulemu kuti bambo, mwanayu wandionetsa mmene mumayezera, ndipo zimene wachita kwa inu ndi zimene wakhala akuona. Anakwiya zedi. "Madam, musasokoneze zinthu. Ija ndi bizinesi, aliyense pa trading pano amatero, ukayeza chilungamo ubwerera ndi ngongole chifukwa ku Kanengo nakonso akakudula. Uyu waba." Pa mfundo yoti nawonso amadulidwa kutsogoloko sindinawatsutse, unyolo wake ndi wautali ndithu. Ndinangowakumbutsa kuti masikelo a malonda amayenera kuyezedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo sikelo yopotokola ikapezeka mlandu ndi wa mwini wake, osati wa mwana. Pa bwalo paja sindinatchule kanthu, koma amfumu, amene nawonso amagulitsa soya wawo pa trading pomwepo ndipo si mwana, potseka anangoti, "Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Ife akuluakulu tikadzifunse kuti anawa akuona chiyani m'manja mwathu." Amalume anangoyang'ana pansi n'kumasewera ndi makiyi a njinga.

Uphungu wongoyankhula ndinaona kuti pawokha sungaphule kanthu, mwana amene waona chinthu zaka 4 sungamusinthe ndi mawu a mphindi 30 pansi pa mtengo, kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Chimene chinalowa ndi maso chimafunikanso china cholowa ndi maso. Ndiye tinapempha kalaliki wa kopaletivi ina ya alimi ya chapafupi, bambo wachikulire wodziwika kuti ndi wokhulupirika, kuti Dalitso azikamuthandiza Loweruka m'mawa kulemba malisiti. Dala sitinamuchotse ku zoyezayeza, chifukwa ndi luso lake ndipo ndi pamene amadzimva kuti ndi munthu. Kumeneko sikelo ndi ya manambala, amaitembenuzira kwa mlimi kuti awerenge yekha mokweza, kalaliki n'kulemba zomwezo, lisiti ina kwa mlimi ina kutsala m'buku. Pa tebulo pamakhala paketi ya shuga ya kilo imodzi yosatsegula, aliyense wokayika amaiika yekha pa sikelo n'kuona. Tsiku loyamba akuti Dalitso anafunsa kalaliki uja monong'ona kuti nanga ya zinyalala mumachotsa nthawi yanji.

Mayi ake tinagwirizana zinthu ziwiri zazing'ono: mchenga m'thumba ayi, ndipo kamtsikana kaja kakamasewera zochotsa zinyalala asamaseke, azikafunsa kuti nanga mnzakoyo akadya chiyani kwawo. Aphunzitsi tinawapempha kuti asamulande udindo wosunga ndalama za kalasi. Ahedi poyamba amakana, ati makolo amva bwanji kuti wakuba akusunga ndalama, koma ndinalimbikira chifukwa kumeneko ndi kumene mwanayu ali wokhulupirika kale, ukamulanda n'kumupatsa dzina loti mbava pa asembule ndiye kuti wamuuza kuti mbali imeneyonso aiiwale.

Pamene zafika

Kusukulu akupita, kujomba kwachepa ngakhale tsiku la msika pena amasowa. Buku la ndalama za kalasi lili bwino. Kubetcha sanasiyiretu, aphunzitsi anamupezapo ndi kapepala ka mpira m'kope, ndipo izi tikuzitsatira padera chifukwa ngongole ya kubetcha ndi imene ingamubwezere msanga ku zakale. Ku kopaletivi amamukonda, ndi wachangu pa masamu kuposa kalaliki amene, ndipo alimi ena ayamba kumutchula dzina akafika.

Koma pali chinthu chimene anandiuza chimene sindinachipezere yankho labwino. Nditamufunsa kuti abambo a ku kopaletivi aja ukuwaona bwanji, anati ndi abwino, anthu amawakonda, wina anawabweretsera nkhuku, palibe amawatukwana akatembenuka ngati mmene amachitira ndi amalume. Kenaka anaonjezera, "Koma madam, abambo aja amayenda pa njinga yakapalasa." Bandura yemwe uja angakuuzeni kuti mwana samangoona zochita, amaonanso zotsatira zake, ndipo pa trading pathu zotsatira zimaoneka poyera: wopotokola sikelo ali ndi malata ndi njinga yamoto, woyeza bwino akupalasa. Ndinamuuza kuti awerengerenso zoti abambo aja sanagonepo ku polisi ndipo sathawa akamva kuti oyeza masikelo afika, anangogwedeza mutu, kaya anavomera kaya amangondilemekeza.

Fayilo sindinatseke, ndalemba kuti tidzaionenso sizoni ikubwerayi ikadutsa, chifukwa panopa ku shedi kulibe katundu ndipo kudzigwira pamene palibe choyesa sikutiuza zambiri. Ndapemphanso komiti yoteteza ana ya m'deralo kuti ilembe ana onse amene amathandiza pa masikelo a pa trading, alipo angapo ndipo ena ndi ochepera zaka 14, komanso kuti nkhani ya masikelo ikakambidwe ku komiti ya chitukuko ngati nkhani yokhudza ana, osati ya alimi okha.

Sabata yathayi mayi ake anabwera ku ofesi kudzandiuza kuti achimwene awo atumiza uthenga. Akuti zakale zinatha, mwanayo amukhululukira, ndipo akumufuna abwerere ku shedi soya akayamba mu Epulo, chifukwa mnyamata amene anamulemba m'malo mwake ndi wozizira, alimi akumamuwerengera sikelo. Ulendo uno akuti azimulipira pa mwezi. Mayiwo amandifunsa kuti ayankhe bwanji, poti feteleza wa chaka chino anagula ndi achimwene omwewo ndipo ngongole yake sanabweze. Tapangana kuti tikakumane nawo amalumewo limodzi ndi amfumu mwezi uno usanathe, ndipo kalaliki wa ku kopaletivi wati afunsa komiti yake ngati ingathe kumamupatsa Dalitso kangachepe nthawi ya sizoni.